Nsalu Imene Nasingano Sankadula

Tsiku loyamba limene Duntu analowa m'shopu ya Nasingano, tepi yoyezera inakana kuzungulira m'chiuno mwake. Tepiyo inali ya mainchesi 60, ndipo chiigulireni inali isanamuchititsepo manyazi mwini wake. Nasingano anaikoka, nayenso n'kuzungulira nayo, mpaka anapezeka atamukumbatira kasitomala pamimba ngati mwana amene akuyesa kunyamula mgolo. Panatsala mpata wa zala zinayi. Duntu anayang'ana kudenga n'kumuuza kuti asavutike, atelala anzake amalumikiza ndi chingwe cha nsapato. Anaseka onse awiri mpaka mapini amene Nasingano analuma anamwazikira pansi. Chikondi chawo chinayambira pa kuseka komweko, ngakhale panalibe amene anachitchula dzina.

Dzina loti Nasingano anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa pakolala ya bulauzi yake sipankasowa singano ziwiri kapena zitatu. Nayenso Duntu dzina lake lenileni linatsalira pa laisensi. Anali mphunzitsi woyendetsa galimoto, mwini kagalimoto kofiira kamene kankayenda mopendekera mbali imene iye wakhala, ndipo msewu wonse unkamuitana ndi dzina la thupi lakelo. Nasingano yekha ndiye ankati Aphunzitsi.

Chichokereni tsiku limenelo, mabatani a Duntu anayamba kuthothoka modabwitsa. Lachiwiri batani, Lachisanu zipi, ndipo kukasowa chong'ambika ankabwera kudzafunsa mtengo wa ulusi. Ankakhala pa benchi ya pakhomo, kusenda malalanje, kusimba za ophunzira ake amene amatseka maso akaona lole. Anali atamuuza Nasingano kuti anakwatirapo, banja linatha zaka zitatu zapitazo, ana panalibe. Koma mawu enieni aja, amene mkazi amawadikira khutu lili tcheru, sankatuluka. Nkhani ikangolunjika kumeneko, Duntu ankaponda mabuleki ngati wophunzira wake walunjika mpanda, kenako n'kuyang'ana wotchi.

Nasingano anali atadutsa zaka makumi atatu, ndipo sankafuna chibwenzi cha pa benchi mpaka imvi.

* * *

Kenako Duntu anasowa masabata atatu. Anati akupita kumaphunziro a ntchito. Atabwerera anali wotuwa, ankayenda pang'onopang'ono, ndipo lalanje ankangoyamwa kachidutswa kamodzi, kotsalako n'kumupatsa Nasingano.

Mwezi usanathe anabwera ndi thalauza lotuwa loti libwezedwe m'chiuno. Mwezi wotsatira anabwera nalo lomwelo, pamodzi ndi ena awiri. Tepi ija, imene inamukana poyamba, inayamba kukumana yokha. Inafika pa 58, kenako 54, kenako 51. Lamba anabooledwa mabowo atsopano ndi msomali wotentha. Kagalimoto kofiira kanaleka kupendekeka. Mathalauza atsopano Duntu sankagula, chifukwa thalauza lokwana bwino silipatsa munthu chifukwa chopitira kwa telala.

Tsono Nasingano anali ndi kasokedwe kake. Akamabweza chovala sankadula nsalu yotsala. Ankaipindira m'kati n'kuisoka mobisa, chifukwa anali ataona anthu ambiri akuonda pa maliro kapena pa matenda, kenako n'kubweranso thupi litabwerera, akufuna chovala chawo chimasulidwe. Kwa anthu ena nsalu yotsalayo imakhala kachala kamodzi. Kwa Duntu inakula mwezi ndi mwezi, mpaka kumbuyo kwa thalauza kunapangika kapilo, ndipo matumba awiri a kumbuyo anayandikana ngati akufuna kupatsana moni.

Sizasi anali nayo, ndipo inali yakuthwa. Koma nthawi iliyonse akaitsegula pa thalauza la Duntu, ankaitsekanso osadula. Kudula nsaluyo kunali ngati kuvomera kuti munthuyu sadzabwereranso mwakale, ndipo Nasingano ankaopa kwambiri kuti Aphunzitsi ake akudwala ndipo akumubisira.

* * *

Mantha amenewa anali ndi wowathirira madzi. Kuseri kwa khoma la matabwa kunali saluni ya achemwali ake, mayi wamtima wabwino koma wapakamwa posatseka, amene anamulera Nasingano mayi awo atamwalira, ndipo mpaka pano ankamuona ngati mwana woti apukutidwe mamina.

Tsiku lina, makasitomala atachepa, achemwali analowa atanyamula chipeso n'kukhala pa benchi ya Duntu. Anayamba ndi zimene anaona ndi maso awo. Anati munthu wamkulu saonda choncho chifukwa chothamanga m'mawa. Anati anamuona pa lesitilanti ya pakona ataitanitsa supu, n'kumwa masipuni asanu okha, kenako n'kumeza mapiritsi mobisa. Atatha za maso anayamba za makutu. Mkazi wakale wa Duntu, amene anthu ankamutchula Madamu chifukwa cha magalasi akuda ndi nsapato zazitali, ankalukitsa tsitsi ku saluni komweko, ndipo mutu ukakhala m'manja mwa woluka pakamwa pamamasuka.

"Mwini wake ananena yekha, ine ndikumva," anatero achemwali. "Bambo uja anagwa m'papaya kalekale. Zaka ziwiri ankagona ngati mlongo ndi mlongo wake. Ndiye sankha wekha: wodwala kapena wosagwira ntchito. Ine zonse ziwiri sindizilandira pakhomo pathu."

"Achemwali, kodi kusaluni kwanuko mumaluka tsitsi kapena miyoyo ya anthu?"

"Ndimaluka zonse. Iwe ukufuna ana kapena ukufuna wosenda malalanje?"

Nasingano anapondereza makina mwamphamvu kuti phokoso limuyankhire. Achemwali anatuluka akutchula za bambo wina wogulitsa matayala, wamasiye, wamasaya odzaza bwino, amene wakhala akufunsa za iye. Koma mawu aja anali atalowa kale. Masana onse anasoka mpendero wokhota, kumasula, kusokanso. Chimene chinkamupweteka sichinali za papaya. Chinali choti munthu amene amamusenderera lalanje akusenza katundu wolemera yekha, iye ali pomwepo ndi manja awiri.

Dzuwa lisanalowe anatenga foni n'kulemba: "Aphunzitsi, mawa tionane. Musabwere ndi thalauza. Mubwere ndi pakamwa."

Yankho silinachedwe: "Ndikabwera wopanda thalauza apolisi andigwira panjira."

Anaseka asakufuna, kenako analemba kuti sakucheza. Patadutsa mphindi zingapo foni inanjenjemeranso. "Nanenso ndili ndi funso langa. Ndidzakutengani 12 koloko."

* * *

Duntu anamutengera kubwalo kumene amaphunzitsira anthu kubwerera m'mbuyo, malo afumbi okhala ndi migolo isanu ndi umodzi yopindikapindika chifukwa cha kugundidwa. Anaimitsa galimoto pamthunzi, n'kutulutsa kumpando wa kumbuyo thalauza lotuwa lija, loyamba kusokedwa. Analitembenuza. Msoko wa m'chiuno anali ataumasula yekha ndi lezala, ndipo nsalu yonse yobisika inali itatambasuka ngati mbendera.

Ananena motsitsa mawu kuti kwa miyezi yambiri wakhala akukhalira chotupa m'galimoto, akumaganiza kuti mpando watha. Dzana ndi pamene anatsegula n'kuona. Anatsegulanso mathalauza ena onse, ndipo onse anali chimodzimodzi.

"Ndiye kuti simukundikhulupirira," anatero. "Mukudikira tsiku limene ndidzafufumenso. Mwandisungira malo."

"Ndakusungirani malo, inde," anayankha Nasingano, misozi ili m'maso. "Kuti mukadzachira mudzapeze thalauza lanu likukudikirani."

"Ndikadzachira chiyani?"

"Chimene mukudwalacho. Masipuni asanu, mapiritsi, thupi kutha ngati sopo. Mukuganiza kuti tepi yanga ndi yakhungu? Nenani, Aphunzitsi. Kaya ndi matenda anji, kuchipatala tizipitira limodzi."

Duntu anangoti kukamwa yasa. Kenako phewa linayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka anagunda hutala ndi chigongono, mbalame n'kuuluka mumtengo. Nasingano anatsala pang'ono kumumenya ndi thalauza lomwelo. Atapuma, Duntu anakweza malaya pang'ono n'kumuonetsa zipsera zisanu zing'onozing'ono pamimba, zonga mabowo a mabatani.

Kunalibe maphunziro a ntchito. Masabata atatu aja anali kuchipatala ndi kunyumba kwa mbale wake, atachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Chifu chake tsopano chinali kathumba kakang'ono, n'chifukwa chake ankakhuta ndi masipuni ochepa. Mapiritsi aja anali mavitamini, oti azimwa moyo wake wonse. Shuga amene ankamuvuta anali atatsika, maondo analeka kulira pa masitepe, ndipo tsopano ankamanga yekha zingwe za nsapato osapumira panjira.

Nasingano anamvetsera, mtima ukutsika pang'onopang'ono pamalo pake. Kenako unakweranso, ulendo uno ndi mkwiyo. Anamufunsa kuti ngati nkhani yake inali yabwino choncho, anaibisiranji, mpaka iye kumalira pa makina miyezi isanu ndi itatu, kulirira munthu amene sakufa n'komwe.

Apa kuseka kunatha. Duntu anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, ngakhale galimoto inali itazima, ndipo analankhula akuyang'ana migolo.

Anati opaleshoniyo sanaichitire maondo okha. Zimene Madamu amalengeza m'masaluni zinali zoona. Thupi litakula kwambiri, mphamvu za kuchipinda zinayamba kuzilala mpaka zinatheratu. Anamwa za m'mabotolo, za m'mapepala, zouzidwa ndi anzake, koma osaphula kanthu. Dokotala ndiye anamufotokozera kuti si matsenga ndipo si ulesi: mafuta ochuluka ndi shuga zimawononga mitsempha imene magazi amadutsamo, komanso zimatsitsa mphamvu yachimuna m'thupi. Anamuuza kuti amuna ambiri thupi likatsika zinthu zimabwerera pakapita miyezi, koma si onse, ndipo sanamulonjeze chilichonse. Pamenepo n'kuti Madamu atalongedza kale masutikesi, atamusiyira mawu amene mpaka lero amamulira m'khutu.

"Ndinalumbira kuti sindidzafunsiranso mkazi ndisanadziwe," anatero. "Sindinkafuna kuti inu mudzandiyang'ane mmene anandiyang'anira uja. Kwa wina aliyense ndikanapirira, koma osati kwa inu."

Nasingano anamva chisoni chachikulu, ndipo anamukonda bamboyu kuposa tsiku lina lililonse. Anasewera ndi singano ya pakolala kwa kanthawi, kenako anafunsa mwa manyazi, maso ali pa zenera, kuti nanga pano zili bwanji.

Makutu a Duntu anafiira. Anakonza galasi limene linali bwinobwino.

"Uno ndi mwezi wachiwiri," anatero. "Injini ikumadzuka yokha m'mawa, yosakankha."

Nasingano anabisa nkhope m'thalauza lotuwa lija n'kuseka mpaka m'nthiti munawawa. Atapukuta misozi anamuuza chimene chinali pansi pa mtima.

"Ine ndinakukondani tepi isanakwane. Mukanandiuza, tikanadikirira limodzi. Ikanapanda kudzuka, tikanabwerera kwa dokotala limodzinso. Musadzandisankhirenso zoti ndingathe kusenza ndi zoti sindingathe."

Pomwepo, pakati pa migolo yopindika, Duntu anachotsa phazi pa mabuleki. Anafunsira mosakonzekera, mawu akupunthwa, mpaka anamutchula Mayi Telala m'malo mwa dzina lake. Nasingano anavomera asanamalize. Anangoika lamulo limodzi, loti suti ya ukwati asoka iye mwini, koma pokhapokha thupi likaima, chifukwa sankafuna mkwati wosambira m'jekete.

Ali m'njira yobwerera Nasingano anamufunsa mocheza ngati panalinso china chimene anapindira m'kati n'kusoka mobisa. Duntu anachedwa pang'ono kuyankha, chifukwa panali njinga imene ankaizemba, kenako anati palibe.

* * *

M'mawa mwake shopu inadzaza ndi kulira kwa sizasi. Nasingano anasonkhanitsa mathalauza onse asanu ndi awiri amene Duntu anabweretsa, kumasula misoko, kujambula ndi choko pa 48, n'kudula osayang'ana m'mbuyo. Anadula akuimba. Zidutswa zinagwera m'dengu mpaka linadzaza, zina zazikulu zoti n'kusokera mwana kabudula.

Achemwali anasuzumira pakhomo kuti aone chimene chagwa. Nasingano anawauza za opaleshoni, za zipsera zisanu ndi za mavitamini. Za injini sananene mwatchutchutchu, anangowauza kuti nkhani ya papaya ija inatha ntchito, aipezere ina yolukira tsitsi. Achemwali anakhala pansi pa benchi. Kenako anati iwo si mwana woti anamizidwe ndi zipsera, akufuna amve kuti dokotala wanena ndi pakamwa pake.

Mwayi wake, zimenezo zinali kale m'njira. Lachinayi Duntu ankayenera kukapimidwanso, ndipo dokotala anali atamuuza kuti ulendo uno abwere ndi mayi a kunyumba, kuti amve onse awiri za kadyedwe ndi zina za m'banja. Duntu anali atamupempha Nasingano kuti amuperekeze. Achemwali atamva zimenezo anafewa theka. Anati ngati n'choncho amuluka tsitsi Lachitatu madzulo, chifukwa sangalole mng'ono wawo kukaonekera kwa dokotala mutu uli ngati chisa. Za bambo wa matayala sanazitchulenso.

Usiku usanagwe, Duntu atadzatenga mathalauza ake, uthenga wake unabwera: "Mathalauza akupepuka. Ndakhala pa mpando weniweni koyamba chaka chino." Nasingano anauwerenga katatu, n'kuyankha kuti asazolowere, telala wake akakwatiwa mitengo ikwera.

* * *

Lachitatu masana, Nasingano akusita diresi yabuluu imene anasankha kuvala mawa lake, kunamveka nsapato zazitali pa simenti. Fungo la perefyumu linalowa poyamba, mwini wake pambuyo. Nasingano anali asanalankhulepo naye, koma magalasi akuda aja anawadziwa. Kuseri kwa khoma la matabwa, chowumitsira tsitsi cha achemwali chinazima mwadzidzidzi.

Madamu anapereka moni waulemu wonse. Anaika chikwama chachitali patebulo, n'kutsegula zipi pang'onopang'ono. M'katimo munali suti yakuda, yaikulu ngati tenti, duwa louma likadali pachifuwa.

"Ndamva kuti ndinu katswiri wobweza zovala za amuna anga," anatero. "Iyi ndi imene anavala pa ukwati wathu. Muibweze. Thupi lawo mukulidziwa kale."

Nasingano anaimika simbi. Anayankha mofatsa kuti mwina mayiwo asochera shopu, chifukwa bambo amene iye amawasokera banja lawo linatha zaka zitatu zapitazo.

Madamu anavula magalasi n'kumwetulira. Anafotokoza ngati akuuza mnzake za mtengo wa nsalu. Kuchipatala anamuimbira foni dzulo, chifukwa pa khadi la Duntu, limene analembetsa kale akuyamba kufuna thandizo, nambala ya mkazi wake inali ikadali yake. Anamukumbutsa kuti Lachinayi dokotala akufuna bambo abwere ndi mayi a kunyumba, ndipo iye, poti si wogontha, anamva zimene zikutanthauza. Kunena za kutha kwa banja, iye anangochoka pakhomo. Kukhoti sanapiteko. Anamuuza Duntu kuti ngati akufuna chisudzulo akaime yekha pamaso pa anthu, afotokoze chifukwa chimene mkazi anathawira. Duntu anapita kawiri, n'kubwerera pa geti kawiri konse.

Anatulutsa pepala lopindidwa bwino n'kuliyala pamwamba pa suti. Linali setifiketi ya ukwati, mayina awiri, chidindo chili gwa.

"Ine ndinathawa nyumba yozima magetsi," anatero Madamu. "Ndamva kuti ayaka. Mawa kuchipatala ndipita ndine. Sutiyo musasiye nsalu m'kati, mudule ndithu. Sindikufuna abwererenso mwakale."

Nasingano anayang'ana mayina awiri aja pa pepala. Anakumbukira njinga ija ya panjira, ndi kuchedwa kuja kwa yankho. Maso ake anagwera m'dengu la pansi pa tebulo, lodzaza ndi zidutswa zimene anadula dzulo akuimba. Zaka zonse za utelala wake ankasiyira aliyense pobwerera, koma pa munthu mmodzi yekhayu, ndi pa mtima wake womwe, anali atadula mpaka pa choko.

Panja panalira hutala kawiri. Kagalimoto kofiira kanaima mowongoka bwino, ndipo Duntu anatsika akumwetulira, thumba la malalanje m'dzanja limodzi, kabokosi kakang'ono ka mphete m'dzanja linalo. Anafika pakhomo akuimba mluzu, n'kuona suti yake ili patebulo.